Mtayo Suliridwa

Pachipatala china cha ku Liwonde anthu ankamutcha Ethel Namakhwa kuti mayi wa nsengwa. Dzina si lokoma, koma nanga akanamutcha chiyani munthu woti mayi akangochira, ena onse akuthamangira kukaona khanda, iye akuthamangira mbale imene aikamo nsengwayo, zotsalira zija zotuluka pambuyo pa mwana? Ankafika atavala magolovesi, n'kudula kachidutswa kochepa ngati nzama imodzi, n'kukaponya m'kabotolo, ulendo wa kuchipinda cha kafukufuku kuseri kwa wodi ya amayi. M'chipindamo munali firiji yaikulu yong'ung'udza tsiku lonse, makina oonera tizilombo, ndi mpando wogwedera umene unamupweteketsa msana chiyambire maphunziro ake.

Ankachita PhD. Ankafufuza mmene tizilombo ta malungo timabisalira m'nsengwa, mayi osamva kanthu, magazi a pachala n'kumaonetsa kuti zonse zili bwino, chonsecho mwana m'mimba akumanidwa chakudya. Kwa a Pulofesa ake a ku Blantyre nkhaniyi ankaifotokoza ndi mawu ataliatali a Chingelezi. Kwa abale ake a kwa Kawinga analeka kalekale kufotokoza. Iwo anangotolapo liwu limodzi loti udokotala, basi aliyense wa nyamakazi ankamudikira ndi bondo lake. Akawauza kuti iye sadzakhala dokotala wobaya jakisoni, ankamuyang'ana momumvera chisoni ngati munthu amene wagula njinga yopanda tcheni.

Ntchito ankaidziwa. Tsiku la sikelo ankakhala pabenchi ndi amayi oyembekezera, n'kuwafotokozera mwa Chichewa, pena mwa Chiyao chake chothyokathyoka, chimene akufuna ndi chifukwa chake. Wokana sankamukakamiza. Apongozi ena ankamukazira maso, amvekere zinthu zotere sizipatsidwa kwa mlendo, iye n'kuvomera mwaulemu, n'kusunthira kwa wina. Anamwino ankati mayiyu ndi wolimba mtima. Kulimba mtima kwanji? Munthu anangomuletsa kulira, basi.

Chimene a Pulofesa sankadziwa, ngakhale anamwino amene ankadya nawo chiwaya masana, n'chakuti Ethel anakhalapo ndi pakati. Anali mtsikana wongomaliza Folomu 4, atakwatiwa ndi Wadson, wosoka nsapato wa pa Ntaja. Atatsala pang'ono kuchira thupi linatentha, mwana analeka kusuntha, ndipo matenda anamuyambira kumudzi mvula ili pakati, mlatho utakokoloka. Za tsikulo ankangokumbukira denga la udzu likuzungulira, ndi dzanja la mayi ake aakulu, a Dorica, lili pachipumi pake. Nzeru zitabwerera anapeza m'nyumba mosesedwa bwino, mphasa itasinthidwa, mimba itaphwa. Anafunsa za mwana. Anamuuza kuti panalibe mwana, unali mtayo, ndipo amayi akuluakulu apita kale kukataya.

Mwambo wake kumeneko aliyense amaudziwa. Mwana wobadwa atafa sapatsidwa dzina, sakhomeredwa bokosi, amuna sapitako, ndipo mayi wake saonetsedwa pamene amuika. Choposa zonse, saliridwa. Ethel atangoyamba kusisima, a Dorica anamutseka pakamwa ndi chikhatho chonunkha dothi, n'kumuuza kuti akagwetsa msozi adzitsekera yekha mimba, sadzaonanso wina. Mtsikana anameza. Anameza tsiku limenelo, anameza mawa lake, mpaka kumezako kunasanduka khalidwe lake.

Mwana winayo sanabwere. Wadson anapirira zaka zingapo, kenako anakwera basi ya ku Joni, ndipo zinamveka kuti kumeneko wapeza mkazi wobereka chaka ndi chaka. Mayi ake a Ethel anamwalira. Poti panalibe choti alere, Ethel analera sukulu, ndipo sukuluyo inakula bwino, kuchoka pa digiri yoyamba kufika yachiwiri, mpaka iyi yachitatu yoti anthu azikutchula Dokotala.

Koma ankamusowa mwana wake. Ankamusowa munthu amene sanamuonepo, ndipo kusowa kotero n'kowawa chifukwa ulibe ngakhale nkhope yoti uikumbukire. Ana a sekondale akamaweruka, atadzaza msewu wa kubaraji, pamlatho wa Shire, ndi mayunifomu awo, Ethel ankachepetsa liwiro poyenda. Wake akanakhala msinkhu umenewo tsopano. Vuto linali lakuti sankadziwa koyang'ana, kaya kwa atsikana oseka atagwirana mapewa, kaya kwa anyamata okankhana m'mbali mwa msewu. Palibe anamuuza. Choncho ankayang'ana onse, mpaka ana ena anayamba kumupatsa moni poyesa kuti ndi mphunzitsi.

Zinthu zinatembenuka chifukwa cha Habiba. Ameneyu anali mtsikana wa kufupi ndi Ntaja, mimba yoyamba, wanthabwala kwabasi. Analowa m'kafukufuku tsiku loyamba lomwe, amvekere nsengwayo atenge yonse ngati akufuna, iye alibe nayo ntchito, bola amusiyire mwana. Akakumana pasikelo ankakuwa ali patali kuti dokotala wanga, n'kumupatsa Ethel mango a m'thumba mwake.

Mmawa wina Ethel anaitanidwa kuwodi kuti Habiba wachira. Anapita ndi kabotolo kake akumwetulira, koma atangolowa anamva bata lija limene aliyense wogwira ntchito m'chipinda chochirira amalidziwa. Mwana anabadwa atafa. Mzamba, mayi Ramla, anali atamukulunga m'nsalu, ndipo anawerama n'kumufunsa Habiba ngati akufuna kumuona. Apongozi ake a Habiba, amene anaima pakhomo, anakana msangamsanga. Mayi Ramla anawayankha mofatsa kuti funsolo silinapite kwa iwo.

Habiba anatambasula manja. Anamulandira mwana wake, n'kufunyulula nsaluyo pang'onopang'ono. Anamuyang'ana kumapazi, anamutambasula tizala, anamusisita m'mutu.

"Ndi wamwamuna," anatero. "Mphunoyi ndi ya bambo ake. Dzina lake ndi Yunusu."

Atatero analira, kulira kwenikweni kochokera m'mimba, ndipo palibe anamutseka pakamwa. Ethel anaima pakona ndi kabotolo m'manja. Chimene anamva mumtima si chisoni chokha. Inali nsanje. Anamuchitira nsanje mtsikana amene mwana wake wangofa kumene, ndipo manyazi anamugwira. Ntchito anaigwirabe, poti Habiba mwiniwake, m'kati mwa misozi, anamukodola n'kumuuza kuti atenge, akaone chimene chamuphera mwana. Patapita masiku anaika kachidutswako pamakina, n'kupeza tizilombo titadzazana, ndi timadontho takuda timene timasiya, bii ngati mwaye wa kukhitchini. Analemba zimene anaona, monga mwa ntchito. Kenako anangokhala pampando wogwedera uja osagwira china chilichonse mpaka nthawi yoweruka.

Nthawi sinali kumbali yake. Mwezi wotsatira ankayenera kukwera ndege ndi mabotolo ake onse kupita ku Ulaya, kumene kuli makina omalizira kafukufukuyu, ndipo a Pulofesa ananeneratu kuti asayembekezere kubwera msanga. Mwa amayi amene anakataya mtayo uja, wamoyo anatsala mmodzi, a Dorica, ndipo nawonso shuga ndi BP zinali zitawagwirizana. Akanapita iwowo, panalibenso munthu padziko wodziwa pamene mwana wa Ethel wagona.

Loweruka anakwera minibasi ya ku Balaka, kumene a Dorica ankasungidwa ndi mwana wawo Clever. Anawapeza pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, akusenda malambe oti mpongozi wawo apangire mafilizi, pakamwa pali pantchito kudandaula kuti madzi a ku Balaka ndi amchere, anthu ake ndi aulesi, ndipo mpongoziyo sadziwa kuphika chigwada. A Dorica anali munthu woti akakuyamikira uzidziwa kuti akudwala. Atamuona Ethel anamuuza kuti waonda, kuti nsapato zake n'zachimuna, n'kumufunsa ngati sukulu yakeyo idzathe iwo ali moyo.

Ethel anadikira mpaka mpongozi atalowa m'nyumba, n'kunena chimene anabwerera. Manja a a Dorica anaima.

"Zakalekale zimenezo ukuzifukuliranji, mwanawe?"

"Sindikufuna kufukula kanthu, amayi. Ndikufuna ndikangoima pomwepo."

A Dorica anakana. Anati zimenezo sizichitika, sizinachitikepo, ndipo sukulu ikachuluka m'mutu munthu amayamba kufunsa zinthu zoti anzake onse anazisiya. Ethel sanatsutse. Anakhala pamphasa n'kuyamba kuwathandiza kusenda malambe, osanena kanthu, ndipo anakhala choncho mpaka mthunzi unasuntha. Mayi wokalambayo anazolowera kukangana, bata linamusowetsa mtendere. Mapeto ake anayamba kung'ung'udza okha kuti ndiponso iwo anali kale ndi maganizo opita kumudzi, poti amva kuti mlamu wawo wina walowerera malire a munda wawo wa chinangwa, ndipo ngati pali munthu wowalipirira minibasi, iwo sangakane. Za mtayo sanazitchulenso, ndipo Ethel anamva kuti kumeneko ndiye kuvomera kwawo.

Ananyamuka mmawa mwake. A Dorica anakangana ndi kondakitala kuyambira pa Balaka mpaka kuwoloka Shire, n'kuyambana ndi mayi wina wa dengu la nsomba kuchokera pa Liwonde mpaka kukwera mapiri a Machinga. Ethel anakhala kuwindo osamva chilichonse. Ankayesa kuganiza chimene akanene akakafika. Munthu umanena chiyani kwa mwana amene sunamupatseko ngakhale moni? Anafika pa Ntaja azana ya masana ikumveka kumzikiti, mashopu ena akutsekedwa, ndipo anakwera njinga za kabaza kulowera kwa Kawinga, a Dorica akumulangiza wopalasa wawo njira imene iye amadutsa tsiku lililonse.

Kumudzi sanafikire m'nyumba ya munthu. A Dorica anati akayamba moni dzuwa liwalowera, ndipo anthu ayamba mafunso. Anatsika pamphambano n'kudutsa m'minda, mmene anthu anali kalikiliki kuunga mizere kudikira mvula. Za mlamu wolowerera malire zinaiwalika. Mayi wokalamba anatsogola ndi ndodo yake, akuyenda mwamphamvu ngati wachotsako zaka khumi, kulunjika kunkhalango ya manda. Sanalowe m'manda mwenimweni. Mitayo saiika pamodzi ndi anthu, amaiika kumphepete, kumunsi, kufupi ndi kamtsinje, m'maenje osaya okumbidwa ndi amayi okhaokha.

Atayandikira kamtsinjeko liwiro la a Dorica linayamba kuchepa. Anaima. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Anati panali mtengo wa msuku, waukulu, wopendekera kumadzi, ndipo iwo anakumba kumbali yake yotulukira dzuwa. Koma misuku yonse inapita kalekale ndi ootcha makala, zitsa zokha ndi zimene zinatsala, ndipo zitsa zimafanana. Kamtsinje nako sikanalinso pamalo pake. Madzi a namondwe wa zaka zapitazi anadya gombe lonse, n'kusiya chigwembe chofiira ndi mchenga.

"Ndi apa," anatero a Dorica, akuloza ndi ndodo. Anayenda pang'ono. "Iyayi. Apa panali pa mwana wa Nelia, mnansi wathu uja."

Anapita kutsogolo, anabwerera, anakanda pansi ndi ndodo ngati dothi liwauza. Ethel ankawatsatira pambuyo, ndipo paliponse pamene ndodo yaloza iye ankayang'anitsitsa, kuyesa kupakonda, kenako ndodo n'kusuntha. Mapeto ake mayi wokalambayo anakhala pachitsa, thukuta lili kamukamu, n'kunena motsitsa mawu kuti chaka chimenecho malungo anavuta, anataya ambiri, ndipo mwina malowo ndi amene anapita ndi madziwo. Sakudziwa.

Ethel anapsa mtima. M'firiji yake ku Liwonde munali tizidutswa ta amayi mazanamazana osawadziwa, ndipo kalikonse akanatha kukapeza atatsinzina, shelefu yake, bokosi lake. Koma mwana wake yekha, wa m'mimba mwake, anasowa pakati pa zitsa. Anafuna kukalipa, koma akalipire ndani? Nkhalamba yodwala shuga imene yayenda mtunda wonsewu ndi ndodo? Madzi? Anakhala pansi padothi lotentha, miyendo itatambasuka ngati mwana.

Kenako anafunsa funso limene analisunga zaka zonsezi, ndipo polifunsa sanawayang'ane.

"Anali mwana wanji?"

A Dorica anachedwa kuyankha, moti Ethel anaganiza kuti nazonso aiwala.

"Wamkazi," anatero. "Amati tisamayang'anitsitse, koma ine ndinayang'ana. Tsitsi lambiri, lakuda bii, lofika m'makutu. Zala zazitali ngati zakozo. Nsanza imene anandipatsa ndinaikana, ndinamukulunga ndi mpango wanga wa Mvano."

Wamkazi. Ethel analigwira liwulo mumtima mosamala ngati dzira. Ndiye kuti anali mwa atsikana aja ogwirana mapewa. Ndiye kuti bwenzi pano akukangana naye za tsitsi lomwelo, za kuluka ndi kumeta, bwenzi akumubera mafuta odzola. Anayang'ana zala zake, zimene zinadula nsengwa za anthu ena zaka zonsezi, ngati akuziona koyamba.

"Munati ndikalira sindidzabereka," anatero. "Sindinalire, amayi. Ngakhale kamodzi."

Sananene mokalipa, ndipo mwina n'chifukwa chake mawuwo analowa. A Dorica anatembenuka. Anayang'ana kuchigwembe kuja. Anati nawonso ana awo atatu ali m'mphepete momwemu, onse asanabadwe Clever, ndipo nawonso anatsekedwa pakamwa ndi amayi awo. Clever atabadwa wamoyo iwo anakhulupirira kuti kumeza kuja ndi kumene kwagwira ntchito, n'chifukwa chake chikhatho chawo sichinanjenjemere pakamwa pa Ethel. Ankafuna kumuthandiza.

"Koma iwe palibe chimene unalandirapo," anatero. "Ndiye lira, mwanawe. Palibenso choti titeteze."

Ethel anayesa. Anaweramitsa mutu, anakumbukira denga la udzu lija, anakumbukira Habiba, anaganiza za tsitsi lofika m'makutu. Maso anali gwa. Chinthu chimene wachitsekera zaka zochuluka chotere sichituluka chifukwa choti wina wanena kuti tuluka. Anachita mantha kuti mwina anachedwa, kuti misozi ija inauma kalekale ndipo adzakwera nayo ndege ili chiumire.

A Dorica anamuyang'ana, n'kupukusa mutu monga ankachitira akaona mwana akulephera kusenza mtsuko. Anadzuka pachitsa movutikira. Anamasula chitenje chapamwamba n'kuchimanga m'chiuno molimba, mmene amayi amamangira pamaliro. Anaponya ndodo pansi, anaika manja kunkhongo, n'kuyamba. Mawu oyamba anatuluka osasa, okhala ngati chitseko chadzimbiri, koma achiwiri anakwera, ndipo inali mfuu yeniyeni ya maliro, ija imamveka kutsidya kwa dambo. Ankayenda uku ndi uku pakati pa zitsazo akulira mdzukulu wawo, mwana wa tsitsi lambiri, wopita osayamwa. Kenako anayamba kuitana awo atatu aja, mmodzimmodzi, opanda maina, akungoti woyamba wanga, wachiwiri wanga, wachitatu wanga, ndipo apa sanalinso kutsogolera munthu, ankalira zawo.

M'minda makasu anaima. Kulira kotero kukamveka kumanda, palibe amapitiriza kulima. Bambo wina anafika chapatali, anavula chipewa, n'kuima pomwepo osayandikira, poti anaona kuti ndi kumalo kwa amayi. Amayi awiri atatu anatsetsereka m'mizere akupukuta manja m'zitenje, akuyang'anana modabwa, chifukwa uthenga wa maliro sunamveke m'mudzimo ndipo dzenje latsopano panalibe. Woyamba kufika anali mayi wa msinkhu wa Ethel, khasu lili paphewa, wobwera kudzakwatiwa kuchokera kwina, woti sankamudziwa aliyense wa awiriwa. Anayang'ana nkhalamba yolirayo, anayang'ana mlendo wa nsapato zachimuna wokhala padothi, n'kugwada pambali pake.

"Pepani, amayi. Watisiya ndani?"

Ethel anatsegula pakamwa. Chiyambire palibe anamufunsapo funso limeneli.

"Mwana wanga," anatero. "Mwana wanga wamkazi."

Mawu omalizawo anatuluka atathyoka pakati, ndipo kumbuyo kwake kunabwera zonse. Mayi uja sanafunse kuti zachitika liti. Anatula khasu, anavula masilipasi, n'kukhala pansi, n'kumukokera Ethel pachifuwa pake, uku akukodola anzake aja kuti afulumire.